Mayi anachita sitiroko, tiziwadzutsa ndi kuwayendetsa bwanji osawagwetsa?

Nabanda wa ku Chirimba: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano, pepani ndichulutsa mawu. Mayi anga anachita sitiroko mwezi wathawu, mbali yakumanzere inafooka, mwendo umayeserako pang'ono koma mkono ayi ndithu ungolendewera. Anatitulutsa kuchipatala tili kunyumba tsopano. Ndiye panyumba pano tagawikana, achimwene anga akuti mayi asamadzuke pabedi mpaka atapeza mphamvu poti akagwa tiona zina, pomwe ine ndikuona kuti akungofookerafookera chigonere chomwechi. Kuchimbudzi timachita kuwanyamula anthu awiri wina khwapa ili wina khwapa ilo ndipo amadandaula kwambiri phewa. Alipo anamwino kapena amene anadwazikapo matenda amenewa atiuzeko chochita chonde

Sisita wa pa wodi: Pepani ndi matenda asisi. Choyamba chenicheni, zowagwira m'khwapazo zilekeni lero lomwe. Mkono ukafa ziwalo minofu yake siigwiranso phewa, ndiye mukamakoka fupa la mkono limatsika kuchoka m'malo mwake, ululu akunenawo ndi umenewo ndipo ukayamba umakhala miyezi, ena mpaka amakana mafizo, zolimbitsa ziwalo za kuchipatala zija, chifukwa cha phewa lomweli. Mkono umenewo musamaukoke olo powaveka malaya. Povala muziyamba kulowetsa wodwalawo, povula muziyamba wabwinowo, akakhala pampando muziusanjika pa pilo kapena patebulo usamalendewere.

Achimwene anuwo ndikuwamvetsa, ndi mantha a chikondi amenewo, koma bedilo ndi limene limatha anthu. Munthu wachikulire akangogona sabata osaponda pansi miyendo imakhala yayamba kale kuphwa, kenako zilonda zakumatako ndi m'zidendene, chibayo poti mapapo satambasuka mokwanira, kudzimbidwa, magazi kuundana m'mitsempha ya mwendo. Ife pa wodi BP ikangokhazikika adokotala nkuvomereza timayamba kumukhazika wodwala masiku oyambirira omwewo. Mphamvu siibwera munthu ali chigonere, imabwera ndi kudzukako.

Bambo a Tadala: Koma anesi inu zimenezo nzophweka kunena muli pa wodi pomwe pali mabedi okwera ndi anzanu okuthandizani. Ife malume athu anagwa pakhonde akuyesera kuyenda chonchi, anathyoka m'chiuno, sanadzukenso mpaka tinakawaika. Ine ndili mbali ya achimwenewo, munthu wamkulu mulekeni apume

Sisita wa pa wodi: Pepani kwambiri bambo a Tadala, zimenezo nzowawa ndipo sindikukana kuti kugwa kumapha, makamaka agogo poti mafupa awo amakhala ofooka. Koma taganizani, mayi amene wagona nthawi yaitali tsiku lina usiku adzafuna kukataya madzi, adzachita manyazi kudzutsa ana ake, adzayesa yekha mumdima ndi miyendo yosazolowera. Kugwa koopsa timakuona nthawi zimenezo. Ndiye bola aphunzire kudzuka bwino masana inu muli pompo kusiyana nkuti adzayesere yekha nonse muli mtulo.

Bambo a Tadala: apo ndamva, koma ndiye mutiuze kagwiridwe kake poti ambirife timangogwira mmene tathera

Wa mafizo: Ndilowererepo, iyi ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. A Nabanda, musathamangire kuyenda, kuyenda nkomaliza. Munthu amene sangathe kukhala yekha m'mphepete mwa bedi osagwera mbali sanafike poyenda. Ndiye yambani ndi kukhala. Agubuduke agone chammbali kuyang'ana kumene atsikireko, inu mutsitse miyendo yawo kunja kwa bedi, dzanja lanu lina kuseri kwa phewa pachipalapala paja osati pamkono, lina pachiuno, iwo azikankha bedi ndi dzanja labwinolo mpaka akhale tsonga. Akakhala musawaimiritse pompo, adikire mphindi zingapo mapazi ali pansi, muwafunse ngati akumva chizungulire kapena chidima m'maso. Munthu akagona nthawi yaitali ndiye nkudzuka mwadzidzidzi BP imatsika, magazi safika bwino kumutu, ambiri amakomoka pamenepa, makamaka omwe akumwa mankhwala a BP.

Poimirira asendere kutsogolo kwa bedi, mapazi atalikirane pang'ono ndipo akhale kumbuyo pang'ono kwa mawondo, aweramire kutsogolo mpaka mphuno ifike pamwamba pa mawondo, ndiye akankhe ndi dzanja labwino. Inu muime mbali yofookayo, bondo lanu litchinge bondo lawo lofookalo kutsogolo kuti lisapindike mwadzidzidzi, manja anu m'chiuno mwawo. Muwerenge limodzi wani, thu, firi kuti asadzidzimuke. Chachikulu nchoti iwo ndi amene akuimirira, inu mukungoongolera. Mukaona kuti mukuchita kuwanyamula ngati thumba la chimanga dziwani kuti sanafike, abwerere akhale, mupitirize zokhala ndi zolimbitsa miyendo kaye.

Nabanda wa ku Chirimba: Zikomo kwambiri adokotala, ife timaima mbali yabwinoyo poti ndi komwe amatigwira dzanja. Nanga pochoka pabedi kupita pampando mpandowo uzikhala mbali iti?

Wa mafizo: Mpando mbali yamphamvu, kwa mayiwo kumanja, uyandikire bedi kwambiri kuti angoimirira nkutembenuka pang'ono nkukhala, afikire mpando ndi dzanja labwino. Inu ndiye mbali yofooka poti kugwa amagwera komweko. Ngati ndi wilitcheya mabuleki onse awiri amangidwe ndipo zopondera zija zichotsedwe kapena zipindidwe, ndaonapo anthu akukodwa nazo. Ndipo asamakugwireni m'khosi, akaterereka mugwa nonse awiri khosi lanu nkuvulala.

China choti mudziwe poti ndi mbali yakumanzere, odwala ambiri otere ubongo umaiwala kuti kumanzere kuliko. Muona akugunda felemu la chitseko ndi phewa lakumanzere, kusiya ndiwo mbali imodzi ya mbale, phazi lakumanzere kutsalira kumbuyo iwo osadziwa. Ndiponso amadziona ngati ali bwino kuposa mmene alili, amangodzambatuka osaganiza. Si mwano kapena kusamva ayi, ndi matendawo. Muziwakumbutsa modekha kuti mayi taonani phazi lanu lili pati.

Mayi a Chisomo: ife kwathu ku Ntcheu agogo tinkawamanga chitenje m'chiuno ndiye woyendetsa amagwira chitenjecho kumbuyo, zinatithandiza kwambiri, kaya nzololedwa

Mlongo wa ku Leeds: Moni kumudzi konko. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku UK ndipo nkhani iyi ndi imene amayamba kutiphunzitsa tisanakhudze munthu aliyense. Kunyamula munthu m'khwapa kuno nkoletsedwa, ukapezeka ukutero ntchito itha kukuthera. Kuli lamulo la 1992 la kanyamulidwe ka zinthu zolemera pantchito ndipo limakhudza ndi odwala omwe, munthu amene sangathe kuponda timamunyamula ndi makina otchedwa hoist, anthu awiri, osati ndi manja. Za chitenjezo mayi a Chisomo, kuno kuli malamba opangidwira zomwezo koma amatiuza kuti lamba ndi wongoongolera munthu amene akutha kuima yekha, si wonyamulira. Ine chitenje ndikuchiopa pang'ono, mfundo itha kumasuka kapena chitha kukwera mpaka m'nthiti

Wa mafizo: Asisi a ku Leeds mwanena zoona kuti sichonyamulira, koma kuno hoist tiitenga kuti, ndiye chitenje ine ndimachivomereza bola chipindidwe kangapo chikhale chokhuthala, chimangidwe mfundo ziwiri m'chiuno pamwamba pa zovala, chothina moti zala zanu zingolowa. Kugwira chitenje kuli bwino kutalitali kusiyana nkugwira mkono wodwala. Koma amene ali ndi bala la opareshoni pamimba, wothyoka nthiti kapena woyembekezera ayi musammange.

Mlongo wa ku Leeds: Ok apo tagwirizana. Ndiwonjezere ichi chomwe mungachite konko popanda ndalama. Wodwala akatsetserekera kumiyendo kwa bedi musamukoke m'manja kapena m'mapewa pomukweza, khungu lakumatako limanyuka ndipo chilonda chimayambira pomwepo. Yalani nsalu yolimba yopinda pawiri kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu, awiri mugwire uku ndi uku pafupi ndi thupi, chotsani pilo, iye apinde mwendo wabwino akankhe, inu musuntha nsaluyo. Nsalu yomweyo ndi yomutembenuzira, amene sangathe kudzitembenuza yekha maola awiri aliwonse, pilo pakati pa mawondo, zidendene zisagunde matiresi.

Achimwene a ku Joni: Ine ndingoyankhulira odwazikawo. Mchemwali wanga anadwazika bambo athu nthawi yaitali ine ndili kuno ku Johannesburg ndikungotumiza ndalama, lero msana wake sugwira, sangathe olo kusenza ndowa. Odwazika nawonso ndi anthu, amuna a panyumbapo asamangolamula kuti asadzuke kapena adzuke, azigwira nawo

Sisita wa pa wodi: Zoona achimwene, anamwino ambiri achikulire akudwala msana chifukwa cha zomwezi. Pindani mawondo osati msana, mapazi motalikirana, wodwala pafupi ndi thupi lanu, potembenuka muzisuntha mapazi osapotokola chiuno. Ndipo matiresi a pansi kapena mphasa ndi chilango kwa onse awiri, kudzutsa munthu wofa ziwalo kuchokera pansi nkovuta kwabasi. Ngati kuli kotheka bwerekani bedi, lisakhale lalitali kwambiri, akakhala mapazi azifika pansi bwinobwino.

Mayi a Mvano a ku Zomba: Ana anga nanga kuthowa bwanji? Ife kale munthu akafa ziwalo tinkamuthowa ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo nkumusisita miyendo kuti magazi ayende, masiku ano simutchulanso

Sisita wa pa wodi: Mayi, kusisita pang'onopang'ono ndi kupinda nkuwongola mfundo za mwendo ndi zala tsiku lililonse nkwabwino kwambiri, kumateteza kuti ziwalo zisaume nkukhwinyata. Koma madzi otentha samalani, mbali yofa ziwalo nthawi zambiri siimva bwino kutentha, munthu amapsa mpaka matuza osadandaula, a shuga chimodzimodzi m'mapazi. Muziyesa kaye madziwo pachigongono panu. Ndipo mukaona mwendo umodzi watupa, katumba watentha ndi kuwawa pomwe unzake uli bwinobwino, pamenepo musasisite ngakhale pang'ono ndipo musamuyendetse, atha kukhala magazi oundana, akasuntha amakatseka m'mapapo. Kuchipatala tsiku lomwelo.

Mayi a Mvano a ku Zomba: Zikomo mwana wanga, ndikawauza anzanga poti timayendera odwala ambiri m'makomo Lachinayi

Mzamba wa ku Dedza: Kwa ife ku matenite nkhondo yake ndi yomweyi. Mayi wabereka ndi opareshoni, ife tikufuna adzuke pasanathe tsiku limodzi mankhwala ochititsa dzanzi akangotha m'miyendo, ndiye apongozi kapena amayi ake amatiyang'ana ngati ndife ankhanza, akuti ulusi uduka. Ulusi suduka ndi kuyenda pang'onopang'ono, kuyendako ndi kumene kumathandiza kuti mpweya utuluke m'mimba, matumbo ayambenso kugwira ntchito, magazi asaundane. Timangomuuza agwirize pilo kapena nsalu yopinda pabala akamadzuka kapena kutsokomola, ayambe wagona chammbali, akhale kaye. Amene wataya magazi ambiri chizungulire chimakhala chachikulu ndiye ulendo woyamba wa ku bafa asapite yekha ndipo asanyamule mwana. Magadiyani inu ngati wodwala ali ndi chubu cha mkodzo thumba lake lizikhala m'munsi mwa chiuno nthawi zonse kuti mkodzo usabwerere, diripi ikhale m'mwamba, muone kaye kuti machubu sanakole pabedi musananyamuke.

Nabanda wa ku Chirimba: Ndawawerengera achimwene zonsezi, afewa ndithu akuti tiyese mawa m'mawa. Koma afunsa kuti nanga tili mkati moyenda miyendo ikangofooka tipange bwanji

Wa mafizo: Funso labwino limenelo. Musalimbane nako kuti muwaimike, simungathe ndipo muvulala nonse. Muwakokere pafupi ndi thupi lanu, mwendo wanu umodzi kutsogolo wina kumbuyo, atsetsereke pantchafu yanu pang'onopang'ono mpaka pansi, inu mukupinda mawondo ndi kuteteza mutu. Akafika pansi musathamangire kuwadzutsa. Afunseni pomwe pakuwawa, onani ngati anamenyetsa mutu, yang'anani miyendo. Mwendo umodzi ukaoneka wafupika ndipo phazi lagwera kunja, kapena sangathe kuusuntha chifukwa cha ululu m'chiuno, ndiye kuti mwina fupa lathyoka, asaponde, anyamulidwe chogona pa chinthu cholimba mpaka kuchipatala. Womenyetsa mutu amene akusanza, akusokonezeka kapena akungogona, chimodzimodzi osadikira kuti kuche. Ngati ali bwino agubuduke, agwade, agwire mpando wolimba, aponde ndi mwendo wamphamvu nkukhala pampandopo.

Ndipo masiku oyamba wina aziyenda kumbuyo ndi mpando. Mtunda waufupi kangapo patsiku uli bwino kuposa ulendo umodzi wautali wowatopetsa.

Kalipentala wa ku Ndirande: Za chimbudzi ndithandizepo, poti zathu zambiri nzokumba zonjuta ndipo munthu wa sitiroko sanganjute. Ine ndinapangirapo anthu mpando wamatabwa wobowola pakati wokhala ndi mogwira manja mbali zonse, masana mumauika pa dzenje, usiku mumaika ndowa pansi pake kuchipinda. Komanso mitengo iwiri ya bulugamu kapena nsungwi zokhwima kuzika panja mondondozana kufika m'chiuno, munthu amayenda pakati akugwira uku ndi uku. Sizidya ndalama zambiri

Sisita wa pa wodi: Amisiri mwaganiza bwino. Ndiwonjezere zam'nyumba, kobra lekani kaye kupaka pomwe mayi amadutsa, simenti yopolisha ndi masokosi ndi ngozi yeniyeni. Timakapeti ndi masaka a pakhomo chotsani, zingwe za magetsi, zidole za ana, madzi akatayika pukutani pompo. Masilipasi ayi poti phazi lofooka limakwakwaza pansi ndipo silipasi imavuka, bola nsapato yotseka kumbuyo ya mphira pansi, zikavuta osavala kanthu kumapazi. Chitenje chawo chisafike m'mapazi. Tochi izikhala pomwe dzanja labwino lifikira poti magetsi athuwa mukuwadziwa. Ngati akumwa mankhwala ogonetsa kapena a shuga muzisamala kwambiri, ogonetsa amadzandiritsa mpaka m'mawa, ndipo wa shuga asayende ndi njala, akayamba thukuta ndi kunjenjemera akhale pansi mumpatse chotsekemera ngati akutha kumeza bwino.

Bambo a Tadala: nanga anthu a mafizowa amapezeka kuti, ife nthawi ija sitinadziwe nkomwe kuti aliko

Wa mafizo: Kale tinalidi ochepa zedi bambo, maphunziro a digiri ya mafizo anayamba mu 2010 ku College of Medicine komwe pano ndi KUHeS, ndiye pang'onopang'ono tikuchuluka. A Nabanda poti muli mu Blantyre momwemo, ku Queens kuli dipatimenti ya mafizo, komanso pafupi pomwepo pali Kachere ya bungwe la MAP komwe amathandiza anthu a sitiroko ndi ovulala msana kuphunziranso kuyenda. A ku Lilongwe ku Kamuzu Central, a kumpoto ku Mzuzu Central, ndipo zipatala zambiri za maboma zili ndi ogwira ntchito imeneyi, mungofunsa. Pitani ndi buku lawo lakuchipatala, ndipo apite ndi amene amawasamala tsiku ndi tsiku kuti aone ndi maso kagwiridwe kake, zolemba pa foni sizikwana. Miyezi yoyambirirayi ndi imene munthu wa sitiroko amachira mwachangu kwambiri, musaitaye.

Wa kabaza wa ku Area 25: Pepani ndilowetsepo yanga ngakhale si sitiroko. Ndinachita ngozi ya njinga yamoto fupa la ntchafu linathyoka, ndinakhala pabedi mwendo atamangirira zolemera masabata ambirimbiri, pano ndili kunyumba ndi ndodo ziwiri zam'khwapa. Tsiku loyamba kuimirira dziko linazungulira zomwe mukunenazi nzoona. Koma tsopano manja akuchita dzanzi, dzanja lamanja likukanika kudzuka bwino pamfundo, kaya nchiyani

Wa mafizo: Achimwene mukutsamira ndodozo ndi m'khwapa eti? M'khwapa mumadutsa mitsempha yoyendetsa dzanja, mukamaipanikiza dzanja limachita dzanzi mpaka kugwa. Thupi lizilemera m'manja pa zogwirira paja, pamwamba pa ndodo pazitsamira nthiti, pakati pa khwapa ndi ndodo pazilowa zala ziwiri kapena zitatu mutaima chilili. Chogwirira chikhale pa mfundo ya dzanja mukatsitsa mkono, kuti chigongono chizipindika pang'ono. Ngati nzazitali zifupikitsidwe. Poti dzanja layamba kale kufooka musadikire tsiku lomwe anakulemberani, kaonetseni sabata ino. Ndipo za kuponda mwendo wothyokawo tsatirani zomwe anakuuzani a mafupa, akati osaponda ndiye osaponda olo ululu utatha.

Wa kabaza wa ku Area 25: eee ndimatsamiradi m'khwapa ndikatopa, ndipita Lolemba. Nanga masitepe, pakhomo pathu pali atatu ndiye ndimachita kukhala pansi nkumakwawa chammbuyo

Wa mafizo: Pokwera mwendo wabwino uyambe, kenako ndodo ndi mwendo wodwalawo zitsatire. Potsika ndodo ndi mwendo wodwala ziyambe, wabwino umalize. Sitepe imodzi imodzi. Wokuthandizani aime kumunsi nthawi zonse, kutanthauza kumbuyo kwanu pokwera, kutsogolo kwanu potsika. Lamulo lomweli ndi la ndodo imodzi, ndipo ndodo imodzi imagwiridwa ndi dzanja la mbali yabwino, ambiri amaigwira mbali yodwala nkumadabwa kuti akupendekeka. Yang'ananinso mphira zakunsi kwa ndodozo, zikatha zimaterereka pa simenti yonyowa.

Kalipentala wa ku Ndirande: mphira zikatha ndipo zogula zasowa pitani kwa osoka nsapato akudulireni tayala lakale akhomerere kunsiko, limagwira bwino olo pamatope. Inu a kabaza mukapeza woyeza utali wake monga anenera adokotalamu kalipentala aliyense konko atha kukufupikitsirani ngati zili zamatabwa, zachitsulo zija zili ndi mabowo mungosuntha bawuti